Kodi mumadziwa? Mankhwala amene amatsalira mu mtedza ndi makadamiya

Mwezi wa Meyi ukafika, m'misika ya Chimbiya, Lobi, Thete ndi Linthipe ku Dedza mumayamba kuunjikana matumba a mtedza. Mavenda amapachika masikelo awo, alimi amalimbana nawo pa mtengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Za mankhwala ophera tizilombo amene atsalira m'njere palibe amafunsa. Komatu mtedza womwewo ukafika pa doko la kunja, limenelo ndi limodzi mwa mafunso oyamba. Nazi zina zoti wolima, wogulitsa ndi wodya mtedza azidziwe.

Kodi mumadziwa kuti pali malamulo onena kuchuluka kwa mankhwala amene angaloledwe kupezeka m'chakudya chogulitsa? Pa makalata a ogula akunja mlingo umenewu amaulemba ndi zilembo zitatu, MRL, ndipo amauwerenga m'mamiligalamu pa kilogalamu iliyonse ya chakudyacho. Suli umodzi pa zonse ayi. Mankhwala aliwonse ali ndi mlingo wakewake pa mbewu iliyonse: wa cypermethrin pa tomato ndi wina, pa kabichi ndi wina, pa mtedza ndi winanso.

Kodi mumadziwa kuti nambala imene imapunthwitsa alimi ambiri a mu Africa ndi 0.01? Mayiko a European Union, mwa lamulo lawo nambala 396 la chaka cha 2005, anagwirizana kuti ngati mankhwala sanaikiridwe mlingo wapadera pa mbewu inayake, zotsalira zake zisapitirire mamiligalamu 0.01 pa kilogalamu. Japan inayamba kuchita chimodzimodzi mu 2006. Tiwerengere limodzi. M'thumba la makilogalamu 50 ndiye kuti theka la miligalamu imodzi, ngati timibulu tingapo ta mchere wa m'paketi. M'thiraki yonyamula matani 30 sizifika ndi theka la galamu lomwe. Kuti galamu imodzi ikwane pafunika matani 100 a mtedza. Kunena mosapsatira, 0.01 akutanthauza kuti mankhwalawo asapezekemo n'komwe.

Nanga mlingowu amaupeza bwanji? Apa tidekhe pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ntchito yake ili pawiri. Koyamba, akatswiri amadyetsa mankhwalawo nyama za mu labotale, makamaka makoswe ndi mbewa, tsiku ndi tsiku, nthawi zina mpaka zaka ziwiri, kufuna kupeza mlingo waukulu umene suwononga kanthu m'thupi la nyamayo. Akaupeza amaugawa ndi 100: kakhumi chifukwa thupi la munthu si la khoswe, kakhuminso chifukwa anthufe timasiyana, wina ndi khanda, wina ndi mayi woyembekezera, wina ndi wodwala. Chotsalacho ndicho chimene amati munthu angadye tsiku lililonse moyo wake wonse osapwetekedwa.

Kachiwiri amapita kumunda. Amapopera mbewu ndendende monga lebulo ikunenera, mlingo wake, maulendo ake, ndi masiku odikira asanakolole, ndipo amatero m'minda ingapo ya madera osiyana. Akakolola amayeza zimene zatsalira. MRL imachokera pa zotsatira za m'minda imeneyi. Kenako amafunsa kuti, anthu akamadya chakudyachi monga amadyera masiku onse, kodi apitirira mlingo uja wa tsiku ndi tsiku? Yankho likakhala eya, mankhwalawo savomerezedwa pa mbewuyo.

Choncho mtedza ukapitirira MRL sindiye kuti woudya agwa pomwepo. Koma ndi umboni wakuti wina, kumunda kapena kunkhokwe, sanatsate malangizo, mwinanso anathira mankhwala osayenera mbewuyo. Kwa ine umboni umenewu ndiwo phindu lenileni la mlingowu, chifukwa umaloza pamene pakufunika kukonza.

Kodi mumadziwa kuti bungwe loika milingo ya dziko lonse lapansi linayamba mu 1963? Dzina lake ndi Codex Alimentarius Commission, ndipo analikhazikitsa ndi mabungwe awiri a United Nations, la zaulimi la FAO ndi la zaumoyo la WHO. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake Rachel Carson wa ku America anali atatulutsa buku lake la Silent Spring, limene linatsegula anthu m'maso pa kuopsa kwa DDT. Kuyambira 1995, malamulo a World Trade Organization amatenga milingo ya Codex ngati poyambira mayiko akasemphana pa malonda a zakudya. Kuno nkhani za Codex zimadzera ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Komabe dziko lililonse lili ndi ufulu woika mlingo wokhwima kuposa wa Codex likapereka zifukwa za sayansi. N'chifukwa chake thumba lomwelo likhoza kulandiridwa m'dziko lina n'kukanidwa m'dziko lina.

Mumadziwanso kuti m'malamulowa mtedza wathu wa pansiwu sukhala gulu limodzi ndi makadamiya? Mtedza amauika pamodzi ndi mpendadzuwa ndi chitowe, m'gulu la mbewu za mafuta. Makadamiya ali m'gulu la mtedza wa m'mitengo, pamodzi ndi mbibu, almond ndi pecan. Chololedwa pa gulu lina sichiloledwa pa linzake pokhapokha chitayesedwa.

Ndipo kuyesako n'kodula. Makampani opanga mankhwala amathira ndalama pa mbewu zimene zimawagula kwambiri, monga chimanga, tirigu, thonje ndi soya. Makadamiya ndi mbewu yaing'ono pa msika wa dziko lonse, kotero mankhwala ena amene amapha bwino tizilombo take alibe mlingo wawo, ndipo amagwera pa 0.01 uja. Si kuti apezeka oopsa ayi, kungoti palibe analipira kafukufuku. A ku America anaona vutoli kalekale, ndipo mu 1963 anayambitsa ntchito ya IR-4 yothandiza mbewu zing'onozing'ono. Kumeneko akayesa pa almond ndi pecan, mlingo umagwira gulu lonse la mtedza wa m'mitengo. Malawi, Kenya, Mozambique ndi South Africa, amene onse amalima makadamiya, akanasonkherana pa kafukufuku wotere, mawu awo akanamveka ku Codex kuposa mmene aliyense angamvekere payekha.

Kodi mumadziwa kuti kwawo kwa makadamiya ndi ku Australia? Kuno anayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1960 m'maesiteti a ku Thyolo, kenako anafika ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba, mpaka kwa alimi ang'onoang'ono a ku Ntchisi ndi Neno amene ali mu mgwirizano wa makopaletivi wa HIMACUL. Mtengowu umakonda malo okwera, ozizira bwino, ndipo tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kotero ungachite bwino kumeneko, malinga mbande zitetezedwe ku chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Koma mudziwe ichi: pafupifupi makadamiya onse a m'dziko muno amagulitsidwa kunja. Amene wadzala mbande imodzi ku Dedza lero walowa kale m'malamulo a ogula a ku Ulaya, America ndi Asia, ngakhale zipatso zoyamba adzazitola patapita zaka zinayi kapena zisanu.

Adani akulu a makadamiya ndi awiri. Pali tizilombo ta mtundu wa nsensenya, timene timabaya chipatso chikadali chanthete n'kuyamwa, njere n'kusanduka yamawanga, ndipo pali mbozi zoboola zipatso. Mwayi wake ndi wakuti njere ili m'kati mwa khungu ndi chigoba cholimba, choncho mankhwala ongogwera pamwamba safika m'kati kawirikawiri. Koma alipo ena amene amalowa m'madzi a mtengo n'kuyenda nawo mpaka kunjere. Acephate ndi amodzi mwa iwo, ndipo akamasweka amasanduka methamidophos, amene ndi oopsa kuposa mwini wakeyo. Mu labotale amafufuza onse awiri.

Kodi mumadziwa kuti makadamiya amadalira njuchi kuti abereke bwino? Wopopera mtengo uli pa maluwa amadzichepetsera yekha zokolola.

Kodi mumadziwa kuti mbewu ikhoza kupezeka ndi mankhwala amene mwini wake sanaipopere? Ku Bembeke, ku Mayani ndi ku Kanyama sipuleya sipuma: lero pa mbatatesi, mawa pa tomato, mkuja pa kabichi. Sipuleya imodzi imayenda makomo angapo, ndipo ikapanda kutsukidwa bwino imasamutsa mankhwala a dzulo kupita pa mbewu ya lero. Mphepo ya kumapiri nayonso sidziwa malire a munda. Amene amadzala nyemba kapena ndiwo zamasamba pakati pa mitengo ya makadamiya, zimene ndi nzeru yabwino mitengo ikadali yaing'ono, akumbukire kuti chopopera nyemba chimagweranso pa mtengo ndi pansi, pamene zipatso zakupsa zimagwera. Pa mlingo wa 0.01, ngakhale thumba limene chaka chatha munasungamo chimanga chothira mankhwala likhoza kukuikani m'mavuto.

Kodi mumadziwa kuti kwa mtedza wa pansi ngozi yaikulu ili kunkhokwe, osati kumunda? Alimi ambiri kuno sapopera mtedza uli m'munda. Vuto limayamba ukaswedwa n'kuikidwa m'matumba kudikira mtengo wabwino. Poopa kufumbwa, ena amatenga mankhwala a ufa osungira chimanga n'kuwaza pa njere. Apa palibe khoko lotchinga, palibe dzuwa kapena mvula yochepetsa mphamvu ya mankhwala. Chinanso, pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo makadamiya amapitirira magawo 70 pa 100 aliwonse. Pirimiphos-methyl, amene ali mu Actellic, amasungunuka m'mafuta, kotero amalowerera m'njere ndipo amatsatira mafuta mukamayenga. Codex imalola mamiligalamu 7 a mankhwalawa pa kilogalamu ya chimanga kapena tirigu wosungidwa, mlingo woposa 0.01 maulendo 700. Koma nambala imeneyo ndi ya mbewu za mtundu wa chimanga, si ya mtedza. Mankhwalawo alibe mlandu akagwira ntchito imene analembetsedwera. Lebulo imatchula mbewu zake, ndipo ngati mtedza palibepo, musathire.

Nanga mapiritsi aja ofukizira? Ndi a aluminium phosphide, ndipo akakumana ndi chinyontho amatulutsa mpweya wa phosphine. Akagwiritsidwa ntchito ndi akatswiri a chiphaso, pansi pa malona osatulutsa mpweya, kwa masiku okwanira, kenako n'kupitidwa mphepo, amasiya zotsalira zochepa kwambiri, ndipo mlingo wa Codex pa mtedza wa pansi ndi wa m'mitengo womwe ndi 0.01. Koma kuponya piritsi m'thumba limene lili m'chipinda chogona ndi kuitana maliro. Mpweyawo umadutsa thumba, umadzaza nyumba, ndipo ana ndiwo amayamba kugonja. Phosphine alibe mankhwala omusukulutsa m'thupi. Chonde, mapiritsi amenewa asalowe m'nyumba yogona anthu.

Kodi mumadziwa kuti dziko lonse likhoza kutsekeredwa msika chifukwa cha zochita za kunkhokwe? Mu Juni 2015, European Union inaletsa nyemba zouma zochokera ku Nigeria itapeza dichlorvos, mankhwala amene amalonda ankathira poopa anankafumbwe. Matumba ena anali ndi mamiligalamu 4.6 pa kilogalamu pamene mlingo unali 0.01. Chaka chotsatira chiletsocho anachitalikitsa ndi zaka zina zitatu, ndipo olima moona mtima anavutikira limodzi ndi osasamala. Kenya inakumana nazo mu 2013, pamene zitheba ndi nsawawa zake zinayamba kupimidwa mowirikiza pa madoko a ku Ulaya chifukwa cha mankhwala monga dimethoate. Mu Sepitembala 2020, dziko la Belgium linapeza ethylene oxide m'chitowe chochokera ku India, ndipo zakudya zamitundu masauzande zinachotsedwa m'masitolo a ku Ulaya. Mayiko a ku Ulaya ali ndi njira yotchedwa RASFF, imene inayamba mu 1979: doko limodzi likagwira katundu, onse amadziwa tsiku lomwelo.

Kodi mumadziwa kuti mlingo ukhoza kutsika mbewu ili m'munda? Chlorpyrifos, amene alimi ambiri amaphera chiswe ndi mbozi, anali ovomerezeka ku Ulaya kwa zaka zambiri. Mu Januwale 2020 anamulanda chilolezo chifukwa cha umboni wakuti amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa ana, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho mlingo wake pa zakudya zonse unali utatsitsidwa kufika pa 0.01. Dimethoate, amene achikulire amamudziwa ndi dzina la Rogor, anataya chilolezo chake kumeneko mu 2019. Mu 2023 a ku Ulaya anachita chinthu chachilendo: anakhazikitsa lamulo lotsitsa milingo ya thiamethoxam ndi clothianidin osati chifukwa cha thanzi la odya, koma pofuna kuteteza njuchi, ngakhale za m'mayiko amene chakudyacho chikuchokera. Pamenepa pali mkangano, ndipo mayiko ambiri olima adandaula kuti Ulaya akuikira ena malamulo a m'minda yawo. Dandaulolo lili ndi mfundo. Koma mlimi sangadikire kuti mkangano uthe. Botolo kukhala lovomerezeka kugulitsidwa ku Malawi sindiye kuti wogula wanu wakunja alilola. Mufunseni mndandanda wake nyengo isanayambe.

Kodi mumadziwa kuti dothi limasunga mankhwala a makolo athu? DDT, aldrin ndi dieldrin, amene kale ankaphera chiswe ndi tizilombo ta thonje, amakhala m'nthaka zaka zambirimbiri. Pangano la Stockholm la 2001 linawaika m'gulu la mankhwala oyenera kuthetsedwa kapena kuchepetsedwa kwambiri, ndipo endosulfan analowa m'gululo mu 2011. Mtedza umakhwimira m'dothi ndipo ndi wamafuta, choncho malo amene kale panali shedi yosungira mankhwala si pabwino kuulimapo.

Kodi mumadziwa kuti kuno tili ndi lamulo lathulathu la mankhwala a mbewu? Linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, ndipo ndilo linabala Pesticides Control Board, bungwe limene linakhazikika ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala, kupereka ziphaso kwa oitanitsa, ogulitsa ndi ofukiza, ndi kulanda achinyengo. Komatu pitani tsiku la msika muone. Mankhwala othiridwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu, amagulitsidwa pa mphasa pafupi ndi tomato. Dedza ili m'malire ndi Angónia, ndipo mabotolo ena olowera kumeneko amakhala olembedwa Chipwitikizi chokhachokha. Wogula amangouzidwa pakamwa kuti athire zitsekerero zingati. Mlingo wonse uja wa akatswiri umaima pa mawu a pa lebulo, ndiye pamene palibe lebulo palibenso choteteza munthu. Sindikunyoza mlimi wogula kabotolo. Amatero chifukwa lita yathunthu sangaikwanitse. Njira yake ndi yakuti makampani azipakira mankhwala m'timapaketi ting'onoting'ono tokhala ndi lebulo ya Chichewa, ndipo makalabu azigula limodzi kwa ogulitsa a chiphaso.

Mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa lebulo, wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira, umanena za kuopsa kwa mankhwala kwa inu wogwira botolo. Sunena za zotsalira m'chakudya. Za zotsalira zili pa masiku odikira pakati pa kupopera komaliza ndi kukolola, ndipo masikuwo amasiyana malinga ndi mankhwala ndi mbewu. Ngati zilembo zili zazing'ono kapena chilankhulo n'chachilendo, alangizi alipo. Safunsa anadya phula.

Kodi mumadziwa kuti kutsuka sikuchotsa mankhwala onse? Amene alowa m'kati mwa chomera satsukika. Mu Julayi 1985, anthu oposa 1,000 ku California ndi madera oyandikana nawo anadwala atadya mavwende okhala ndi aldicarb, mankhwala amene sanali ovomerezeka pa mavwende. Aldicarb ndi Temik yemwe uja amagulitsidwa mobisa ngati mankhwala a makoswe. Taganizirani komwe ambiri amamuika: m'chipinda chosungiramo matumba.

Kodi mumadziwa kuti pali mlingo wina wokhwima kuposa 0.01? Ndi wa poizoni wa chuku, aflatoxin. Ku Ulaya mtedza wodya sungapitirire mamayikulogalamu 4 pa kilogalamu, ndiye kuti mamiligalamu 0.004. Poizoniyu anadziwika mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anapha anthu 125 ku Kenya kudzera m'chimanga, ndipo akamadyedwa pang'onopang'ono amayambitsa khansa ya chiwindi. Mpaka m'zaka za m'ma 1980 mtedza wathu wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wambiri kudzera ku ADMARC, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene msikawo unatithawira. Alimi a ku Mchinji, mothandizidwa ndi NASFAM, anautsegulanso pang'ono m'zaka za m'ma 2000 pogulitsa ku Britain mtedza wosankhidwa ndi kupimidwa bwino.

Nkhani ziwirizi, ya chuku ndi ya mankhwala, n'zolumikizana. Chiswe ndi mbozi zikaboola makoko, chuku chimapeza polowera. Mlimi ndiye amakhala pakati: asiye tizilombo, chuku chilowe, athire mankhwala mwachisawawa, zotsalira zikwere. Kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, kumangoonjezera moto.

Ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mtedza ukasankhidwa, wabwino umakwera thiraki. Mphwephwa, wosweka ndi wamawanga umatsala. Umenewo ndiwo timasinja nsinjiro, ndiwo umalowa m'phala la mwana, m'nkhwani wotendera ndi m'futali, ndiwo umakazingidwa n'kugulitsidwa pa geti la sukulu. Katundu wokanidwa ndi wogula wakunja satayidwa kawirikawiri, amabwerera pa msika wa kuno, pamene palibe amapima. Mwana amadya chakudya chambiri poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake, ndipo ubongo ndi chiwindi chake zikukula kumene. A ku America anazindikira zimenezi, ndipo lamulo lawo la 1996 linalamula kuti poika milingo aziwonjezera chitetezo china kakhumi chifukwa cha makanda ndi ana. Mwana wa ku Kaphuka sasiyana ndi wa ku Brussels. Komanso banja la kuno limadya mtedza pafupifupi tsiku lililonse nyengo yokolola ikafika, pamene Mzungu amangodya pang'ono pocheza. Milingo yowerengedwa pa kadyedwe ka anthu ena siingatiyankhire mafunso athu onse. Tikufunika kafukufuku wa kadyedwe kathu, ndi kupima kwa nthawi ndi nthawi m'misika yathu, zotsatira zake n'kumalengezedwa pa wailesi.

Kodi mumadziwa kuti chiponde chimene chimadzutsa ana onyentchera m'zipatala chimapangidwa ndi mtedza? Chinayambira ku France mu 1996, ndipo dokotala Mark Manary atachiyesa ku Blantyre anayambitsa Project Peanut Butter mu 2004. Chimadyedwa ndi ana ofooka kuposa onse, n'chifukwa chake opanga chiponde salandira mtedza wosapimidwa.

Kodi mumadziwa kuti njira yotsika mtengo yokhalira pansi pa mlingo ndi kusafuna mankhwalawo poyamba pomwe? Matenda a kadukutu amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu. Nsabwezi zimakonda munda wodzalidwa mochedwa, wa mipata, pamene dothi likuonekera. Kudzala ndi mvula yoyamba, mothithikana, mizere iwiri pa mzere umodzi, kumazichepetsa popanda kupopera. Akatswiri a ICRISAT, amene akhala ku Chitedze kuyambira 1982, pamodzi ndi a boma anatulutsa mitundu yopirira kadukutu monga Nsinjiro ndi Baka. Posunga, mtedza wouma bwino wosiyidwa m'makoko ake umakhalitsa kuposa woswa, choncho muziswa pokhapokha wogula wapezeka. Matumba a PICS, a mapepala awiri apulasitiki m'kati mwa saka, amapha tizilombo pozimana mpweya, popanda ufa uliwonse. Koma mtedza wolowa m'menemo ukhale wouma gwa.

Nanga mthuthu ndi nimu? Zimathandiza, ndipo n'zathu. Koma kumera kutchire sikuchotsa ukali. Mthuthu umapha nsomba m'madzi, ndipo rotenone, poizoni wa m'zomera za mtundu wake, anachotsedwa pa mndandanda wa zololedwa ku Ulaya mu 2008. Muvale zodzitetezera monga mmene mungachitire ndi mankhwala a m'sitolo.

Kodi mumadziwa kuti labotale yamakono imatha kufufuza mankhwala mazanamazana pa kuyeza kumodzi? Njira yotchedwa QuEChERS, imene Michelangelo Anastassiades ndi Steven Lehotay ndi anzawo anafalitsa mu 2003, inachepetsa mtengo ndi nthawi ya ntchitoyi. Wothira mankhwala osaloledwa poganiza kuti sakawafufuza amadzinamiza. Koma wogula wakunja amakhulupirira zotsatira za labotale yokhayo imene ili ndi chiphaso cha ISO 17025 pa kuyeza kumeneko, ndipo m'chigawo chathu chino limodzi mwa mabungwe opereka chiphasocho ndi SADCAS ya ku Gaborone.

Kodi mumadziwa kuti amene amamwa mankhwala ambiri si wodya mtedza koma wopopera? Amasakaniza ndi manja, amayenda m'nkhungu ya mankhwala wopanda chophimba kukamwa, sipuleya ikudontha pamsana. Zizindikiro za poizoni wa gulu la chlorpyrifos ndi dimethoate ndi dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, timaso takuda kuchepa, ndi kubanika. Mukaona zimenezi muvuleni zovala zonyowazo, mumusambitse ndi sopo, ndipo muthamange naye kuchipatala mutanyamula botolo lake kuti adokotala adziwe chomupatsa. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenako muliboole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira.

Kodi mumadziwa kuti thumba limodzi likhoza kukanitsa katundu wa kalabu yonse? Woyeza amatapa pang'onopang'ono m'matumba ambiri, amasakaniza, amagaya, n'kuyeza chosakanizacho. Chikapitirira mlingo, katundu yense wagwa, ndipo sizidziwika kuti wolakwa ndani pokhapokha pali zolemba. Makopaletivi amene amagulitsa kunja amafuna kuti membala aliyense akhale ndi kope lolembamo dzina la mankhwala, tsiku lopopera, mlingo, mbewu yake, ndi kumene anagula. Thumba lililonse limakhala ndi nambala ya mlimi. Katundu akakanidwa, amatsata nambalayo mpaka pamunda, n'kupatula matumba okhawo amene ali ndi vuto, a enawo n'kupimidwanso paokha.